Ngodya Yopindika

Mu Juni mzinda wa Osaka umatuluka thukuta.
Makoma amanyowa, maambulera sauma,
ndipo ine, m'kasitolo ka pansanjika yachinayi,
ndimalimbana ndi mbala yopanda mapazi:
chinyezi, chimene chimalowa zitseko zili chitsekere
n'kupinda khadi ngati tsamba lofota.

Ntchito yanga ndi kuveka mapepala zovala.
Kathumba koyamba n'kothina, kukamwa pansi;
kachiwiri n'kokulirapo, kukamwa m'mwamba,
kuti fumbi likapeza khomo likumane ndi khoma.
Kenako bokosi lolimba,
timikanda toyamwa chinyontho pambali pake,
kenako kabati yamdima kumene dzuwa silisuzumira,
paja dzuwa limanyambita utoto
mpaka chinjoka chofiira chituwe ngati phulusa.

Bwana Tsuneo amati, "Usapumirepo, Chizuru,
mpweya wako ndi mvula."
Ndiye ndinaphunzira kugwira mpweya,
kuvala magolovesi oyera ngati wonyamula maliro,
kunyamula khadi m'mbalimbali
monga munthu anyamulira khala lamoto.

Lachitatu lina kunabwera mayi,
dzina lawo Hatsue, nsapato zili chonyowa,
atakumbatira chitini cha mabisiketi.
Atatsegula, mtima wanga unati myuu!
Makadi makumi asanu ndi limodzi
omangidwa ndi mphira,
mphira yokalamba, yosungunuka,
imene inadya m'mphepete mwawo ngati chiswe.

"Anali a malemu amuna anga.
Ana akuti mwina muli chuma."

Ndinayatsa nyali. Ndinatsitsa galasi lokuza.
Pansi pa galasi palibe chinsinsi:
apa chikhadabo cha chala chachikulu,
apa bwalo la kapu ya tiyi,
apa mafuta a zala za zaka makumi awiri.
Ndipo pakatikati, ngati nsomba m'matope,
Mlonda wa Chipata Chachisanu,
khadi limene ndinangolionapo kawiri chibadwire.
Likanakhala losakhudzidwa
likanagula galimoto, chenji n'kutsala.
Koma ngodya yake inali yopindika,
mzere woyera utadutsa pa nyali ya mlondayo.

Ndinalemba mtengo pa kapepala.
Ndinakakankha pang'onopang'ono, maso pansi.

Mayiwo anawerenga, anaseka pang'ono.
"Ngodya imeneyo ndikuidziwa.
Ankaipinda ndi chala akamaganiza,
Loweruka lililonse, pathebulo la kukhitchini,
iwo ndi mnzawo Kiyotaka,
kukangana mpaka sitima yomaliza.
Ine ndinkangopukuta pathebulo n'kumadandaula."

Sindinawauze kuti kwanga, pansi pa bedi,
ndili ndi langa, lomatidwa m'pulasitiki,
oyesa analipatsa khumi pa khumi.
Zaka zisanu ndi ziwiri tikugona chipinda chimodzi
koma khungu lake sindilidziwa.
Ndimadzuka usiku kukaona singano ya choyezera chinyezi
ngati mayi woyeza kutentha kwa mwana,
mwana amene sanalirepo, sanagwepo,
sanadetsepo malaya.

Ndinatenga lumo, ndinadula mphira ija.
Khadi lililonse ndinalipukuta,
ndinalilowetsa m'kathumba kake,
makumi asanu ndi limodzi, limodzilimodzi,
mvula ikuwomba ng'oma pazenera.
"Musamangenso ndi mphira.
Musaike pafupi ndi zenera, kapena pamwamba pa firiji.
Timikanda iti tikasintha mtundu, mubwere."

"Sindigulitsa," anatero, ngati ndafunsa.
Anatseka chitini. Anafika pakhomo.
Anaima.

"Mwana wanga, kodi amaseweredwa bwanji?"

Bwana Tsuneo anali atapita kubanki.
Ndinatembenuza chikwangwani cha pachitseko,
ndinavula magolovesi,
zala zanga zinachita manyazi ngati zili maliseche.
Ndinasakaniza makadi, phokoso lake
ngati mbalame zouluka pamodzi,
ndinagawa asanu ndi awiri kwa iwo,
asanu ndi awiri kwa ine.

Mayiwo anayang'ana m'manja mwawo nthawi yaitali,
osadziwa loponya,
ndipo ndinaona chala chawo chachikulu
chikufunafuna ngodya.